Filimu ya 42: nyenyezi zinayi mwa zisanu, ngakhale baseball simukuidziwa

DVD ya filimuyi ndinaigulira Chadwick Boseman, osati masewera. Baseball kwathu kuno sitiidziwa, koma musade nkhawa ndi malamulo ake. Wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti mutsatire nkhani yonse.

42 inatuluka mu 2013, anaitsogolera ndi Brian Helgeland, ndipo imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Boseman akusewera ngati Jackie Robinson, wosewera baseball wakuda, amene pa 15 April 1947 analowa m'bwalo la Ebbets Field atavala yunifolomu ya Brooklyn Dodgers, nthawi imene osewera akuda ku America ankawatsekera m'maligi awoawo. Iyeyo anayambira ku Kansas City Monarchs, timu ya m'ligi ya akuda, kenako mu 1946 anadzera ku Montreal Royals, timu yaing'ono ya Dodgers. Amene anamusankha ndi bwana wa Dodgers, Branch Rickey, yemwe pano akuseweredwa ndi Harrison Ford, ndipo anamupatsa lamulo limodzi lowawa: akutukwane, akulavulire, akugende ndi mpira kumutu, iwe usabwezere.

Mtima wa filimuyi uli pamenepo. Pali gawo lina pamene mphunzitsi wa Philadelphia Phillies, Ben Chapman, akuimirira poyera n'kumalakatula matukwano a tsankho nthawi iliyonse imene Robinson wagwira chibonga. Gawoli ndi lalitali dala, moti woonerawe umafika pokuchita manyazi. Boseman sakuyankhula, ungoona nsagwada zikulimba ndi maso akufiira. Akatuluka m'bwalo n'kulowa m'kanjira kopita kovalira, akuphwanyira chibonga kukhoma n'kugwa pansi akulira. Mafilimu ambiri amaonetsa kupirira ngati chinthu chokoma. Iyi ikuonetsa kuti kupirira kumamudya munthu m'kati.

Tizinthu ting'onoting'ono nditomwe tandikhalira m'mutu. Mtolankhani Wendell Smith wa nyuzipepala ya Pittsburgh Courier akulemba nkhani taipulaita ili pamiyendo, pakati pa ochemerera, chifukwa malo a atolankhani ndi a azungu okha. Ku Cincinnati kamnyamata kachizungu kabwera kudzaonera mpira ndi bambo ake, kosangalala bwinobwino, ndiye bambo aja akuyamba kutukwana Robinson. Kamwanako kakuyang'ana bambo ake, kakuzengereza pang'ono, kenako nako kakuyamba kutukwana. Sipakufunikanso wina wofotokoza mmene tsankho limafalikira.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zingapo. Nyimbo zam'kati zimachita kukukakamiza kuti apa lira, apa sangalala, ngati kuti wekha sungamve. Harrison Ford wasewera bwino, koma amayankhulira pammero ndudu ya fodya ili kukamwa, moti popanda mawu olembedwa apansi aja zambiri zikadandidutsa. Muwayatse musanayambe.

Chachikulu chimene chandidandaulitsa n'choti filimuyi yamuchepetsa Robinson. Munthuyu sanali wofatsa mwachibadwa. Mu 1944, ali msilikali, anakana kukakhala kumbuyo kwa basi mpaka anazengedwa mlandu kukhoti la asilikali, ndipo anapezeka wosalakwa. Nkhani yaikulu choncho angoitchula pang'ono muofesi ya Rickey, pamene ikanatithandiza kumvetsa kuti kukhala chete kunali kolemera bwanji kwa munthu wamtima wotero. Rickey amupatsa nthawi yambiri yolalikira, pomwe mkazi wa Robinson, Rachel, yemwe akuseweredwa ndi Nicole Beharie, nthawi zambiri ntchito yake ndi kulimbikitsa mwamuna wake basi. Komanso nkhani ikuthera pomwe Dodgers yapambana ligi mu 1947, osationetsa kuti ku World Series, mpikisano womaliza wa akatswiri a maligi awiri akuluakulu, inagonja kwa New York Yankees.

Nambala 42 ndi imene Robinson ankavala kumsana. Mu 1997 matimu onse a ligi yaikulu anasiya kuipereka kwa osewera atsopano, ndipo pa 15 April chaka chilichonse osewera onse amavala nambala yomweyo. Kuonera Boseman tsopano, podziwa kuti anamwalira mu 2020 ndi khansa ali ndi zaka 43 zokha, kumawonjezera chisoni china chimene opanga filimuyi sanachikonzere.

Zithunzi ndi mawu pa DVD zili bwino. Ngati mukuonera ndi ana aang'ono, dziwani kuti mawu onyoza anthu akuda akutchulidwa mobwerezabwereza, makamaka m'gawo la Chapman lija, ndiye konzekani mafunso. Achinyamata akusekondale aonere ndithu.