Makapisozi a RNA a pa Nchalo atidyera mbuzi ziwiri ndi masabata 6

Amene mumadutsa pa Nchalo mukuwadziwa makapisozi obiriwira aja, a m'botolo lolembedwa RNA (kanthu ka m'maselo a thupi kokhala ngati DNA) ndi zilembo zikuluzikulu, omwe akuti amapha khansa. Mtengo wake mukuudziwa kale. Kwathu mabotolo atatu anapita ndi mbuzi ziwiri.

Anagula ndi amalume, kugulira mayi aang'ono omwe anayamba kutaya magazi mu Ogasiti, chonsecho analeka kusamba kalekale. Kuchipatala anali atawayeza pakhomo la chiberekero ndi viniga n'kuwalembera kalata yopita ku Queens, koma mwini shopu yogulitsa makapisoziwo anawauza amalume kuti ku Blantyre akangowang'amba chabe, amwe kaye izi. Kalata ija inagona m'Baibulo masabata 6. Ine ndinadzazimva nditapita kumudzi ku Ngabu.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi kapepala ka m'botolomo. Ndimaphunzitsa Biology, ndiye ndinakawerenga kawiri nditakhala pakhonde. Theka lake n'zoona, ndipo kuipa kwake kuli pomwepo. N'zoonadi kuti gawo la DNA yathu lopanga mapuloteni silikwana 2 peresenti, ndipo kwinako kumachokera ma RNA ambiri omwe sapanga puloteni, ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuuza selo nthawi yogawikana ndi nthawi yoleka. N'zoonanso kuti ena sanasinthe kwa zaka mamiliyoni. Mu 2004 akatswiri anapeza zidutswa 481 za DNA zofanana ndendende, chilembo ndi chilembo, mwa munthu, mbewa ndi khoswe. Mu 2007 George Calin, Carlo Croce ndi anzawo anaonetsa kuti RNA yochokera m'zidutswa zimenezi imasokonekera mu khansa ya m'magazi, ya m'matumbo ndi ya chiwindi. Kapepalako kanafika potchula Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, omwe analandira mphotho ya Nobel mu 2024 chifukwa cha microRNA (timaRNA ting'onoting'ono), ngati kuti iwowo ndiwo anathira ufawo m'botolo.

Koma RNA ukaimeza imagayidwa m'mimba ngati nsima. Ndi chinthu chosachedwa kuonongeka, n'chifukwa chake m'ma labu amaisunga mufiriji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro. Pano mabotolo ali pashelefu, pansi pa malata, dzuwa la Okutobala la kuchigwa kuno likuswa mtengo. Ngakhale mankhwala enieni a mtundu umenewu, MRX34, omwe ankaperekedwa kudzera mudiripi ku America, kafukufuku wake anaimitsidwa mu 2016 odwala ena atamwalira chifukwa thupi linalimbana nawo moopsa. Ndiye azungu eni ake akuvutika nazo, wa pa Nchalo wazitha bwanji?

Ndinakwera minibasi kupita kwa mwini shopu uja ndi mabotolo awiri otsala, limodzi losatsegula. "Bambo," ndinatero, "RNA yomwe ili mukapisozimu dzina lake ndi chiyani?" Anaseka. "Aphunzitsi, zimenezo n'za opanga, ife timangogulitsa. Anthu akuchira." Ndinatsegula kapisozi imodzi pakauntala pomwepo, anthu akuona. Ufa wobiriwira, fungo lake la chammwamba, sangowa yemweyu wa pampanda yemwe timatchola ulere. Anayamba kukalipa kuti ndikumuonongera bizinesi, ndipo ine pamenepo manja anali akunjenjemera, poganiza nsalu zomwe mayi aang'ono amachapa mobisa m'bandakucha.

Nyenyezi imodzi yomwe ndaipatsa shopuyi pa ndemanga yangayi ndi ya mtsikana wa pakauntala. Ndiye anawakumbutsa abwana akewo mwaulemu kuti botolo losatsegula amabweza, ndalama yake ndinalandiradi yonse. Nditatuluka ananditsatira mpaka pamsewu n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, amayiwo apite nawo ku Blantyre mawa lomweli, musadikire." Ndinenenso chilungamo: makapisoziwo sanawatsegule m'mimba mayi aang'ono, ndipo akuti ankawapatsa chilakolako cha chakudya. Akanamagulitsidwa ngati ufa wa chammwamba, pamtengo wa chammwamba, sindikanalemba zonsezi.

Lolemba lotsatira tinakwera phiri la ku Thabwa ndi kalata yakale ija. Ku Queens anawadula kanyama ka pakhomo la chiberekero kuti akayeze, ndipo dokotala anafunsa chomwe tinachedwera. Amalume anangoyang'ana pansi. Zotsatira tikuzidikirabe, ndipo dzulo podutsa ndaona chikwangwani cha makapisozi aja chikadali pakhomo la shopu.