Deferasirox: chaka chatha mwana wanga akumwa

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, anabadwa ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, ndipo amamuwonjezera magazi mwezi ndi mwezi. Magaziwo ndi amene akumusunga, koma paketi iliyonse imabwera ndi ayironi pafupifupi mamiligalamu 200, pomwe thupi lilibe potayira. Amangounjikana m'chiwindi ndi mumtima. Ferritin wake, muyeso wa m'magazi wosonyeza kuchuluka kwa ayironi m'thupi, atapyola 1000, adokotala a kuchipatala chomwe timapita kuno ku Joni anamulembera deferasirox, mankhwala ochotsa ayironi m'thupi.

Ndiyambe ndi zokoma. Amamwa kamodzi patsiku basi. Ndimasungunula mapilitsi m'kapu ya juwisi wa malalanje, amagugudiza m'mimba mulibe kanthu, phala n'kudikira theka la ola. Amakwinya nkhope kuti akumva ngati choko, koma amamaliza. Mayi wina wa ku Mayfair amene timakhala naye pabenchi, mwana wake wa thalassemia, matenda enanso a magazi, ankagona ndi kampope ka deferoxamine, mankhwala ena ochotsa ayironi, singano ili pamimba maola 8 mpaka 12. Ife zimenezo zinatipita pambali.

Vuto lili ku impso. Mwezi uliwonse amamutenga magazi oyezera creatinine, yemwe amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito, ndi kabotolo ka mkodzo, ndipo ine ndinkangoona ngati akundidyera ndalama ya taxi yochokera ku Rosettenville, kuphatikiza tsiku la ganyu. Mu Juni mwana anatsegula m'mimba masiku awiri. Ine osadziwa, ndinapitiriza kumumwetsa, n'kuwonjezeranso ibuprofen poti thupi linatentha. Titapita kukayeza, creatinine anali atakwera, mumkodzo muli puloteni. Asisitala anandizazira m'Chizulu chosakaniza ndi Chingelezi: mwana akamataya madzi m'thupi mankhwalawa amayamba aima kaye, ndipo ibuprofen asamukhudze n'komwe. Ndinangoti pepani asisitala, koma mumtima munandiwawa, chifukwa miyezi yonseyo panalibe anandiuzapo zimenezi.

Adokotala ndiye anandikhazika pansi bwinobwino. Akuti sickle cell payokha imafoola kale impso, n'chifukwa chake mwanayu amakodza pafupipafupi, nthawi zina mpaka pogona, ndiye mankhwalawa amapeza impso zotopa kale. Anamuimitsa masabata awiri, zotsatira zitabwerera m'malo anayambiranso ndi mlingo wocheperako.

Tikupitiriza nawo, ferritin akutsika ngakhale mwa kachetechete. Pachitseko cha fuliji ndinamatapo pepala loti azakhali ake aziona ndikakhala ku ntchito: akasanza kapena kutsegula m'mimba, musamupatse, ndiyimbireni.