Miyezi 14 ndikuweta ma newt, ndaganiza zowapereka

Papita miyezi 14 chitengereni ma newt atatu kwa mnzanga wakuntchito yemwe amasamuka kuno ku Leeds, ndipo sabata yathayi ndapanga chiganizo choti awiri otsalawa ndiwapereke kwa munthu wina. Kwa amene simunawaonepo, kwathu kulibe tinyama timeneti, kumwera konse kwa Sahara simungakapeze newt, moti mayi nditawaonetsa pafoni anangoti iii mwana wanga wayamba kuweta abuluzi. Koma si buluzi ayi, ndi wachibale wa chule, khungu lonyowa lopanda mamba. Angawa ndi aja amati Chinese fire belly, kumsana bii, kumimba kofiira ngati makala amoto, kutalika ngati chala chamkombaphala basi.

Pa zakasamalidwe ka tsiku ndi tsiku sindinganame, savuta. Ndimawadyetsa katatu pasabata, ma bloodworm (timphutsi tofiira tammadzi) oundana a mufiriji kapena nyongolotsi zoduladula, ndipo paketi imodzi imakhalitsa. Safuna hita, salira, sanunkha. Thanki yanga ndi ya malita 60, Lamlungu lililonse ndimachotsako madzi pang'ono nkuthiramo ena omwe ndadonthezamo mankhwala ochotsa klorini chifukwa madzi apampopi osathira kanthu amawawononga khungu. Ndikaweruka shifiti yausiku ndimakhala kaye pamenepo ndi kapu ya tiyi kuwayang'ana akuyenda pang'onopang'ono pansi pamadzi, wamkulu uja akangondiona amabwera pagalasi kudikira chakudya, ndipo tsiku lina ndinamuona akufundula khungu lake nkulidya lonse. Munthu ukakhala wekha kunja kuno zinthu ngati zimenezi zimakugwira mtima kuposa mmene ena angaganizire.

Mwezi wachiwiri mmodzi anathawa, amakwera galasi anthu inu, ndinakamupeza kuseri kwa sofa atauma ali fumbi lokhalokha, mwamwayi nditamuika mmadzi osaya anatsitsimuka. Chivindikiro chizikhala chothina. Komanso khungu lawo lili ndi poizoni ndiye ukawagwira kusamba mmanja nkofunika, ana a mchemwali wanga akabwera ndimawauza kuti kuyang'ana kokha.

Chomwe chandigonjetsa ndi kutentha. Tinyamati timafuna madzi ozizira, osapyola madigiri 20, akafika cha mma 24 amasiya kudya nkumangokwera pamwala kufuna kutuluka. Ine ndinkati ku England nkozizira sipadzakhala vuto, kuiwala kuti nyumba zakuno anazimanga kuti zizisunga kutentha ndipo mu Julaye 2022 kunafika madigiri 40. Chilimwe chathachi ndimaundanitsa mabotolo amadzi nkumayandamitsa muthanki, fani ikuwomba pamwamba, makatani otseka tsiku lonse, koma botolo limasungunuka maola ochepa pomwe shifiti yanga ndi ya maola 12. Mu Ogasiti ndinabwera mmawa nkupeza wamng'ono uja wafa. Anali atasiya kudya kwa masiku angapo ndipo ndinkaona ndithu kuti zinthu sizili bwino koma ndinalibe kwina kozizira komuika, mpaka lero zimandiwawa.

Pano eni nyumba akugulitsa, fulati yomwe ndapeza ili pamwamba penipeni zenera loyang'ana kudzuwa. Ndiye ganizirani kuti ma newt amenewa akasamalidwa amatha zaka 10 mpaka 15, mnzanga uja sanandiuze ndipo inenso sindinafunse. Ine sindikudziwa kuti zaka zitatu zikubwerazi ndidzakhala kuti, Disembala yomweyi ndikupita kumudzi masabata asanu, ndani azidzayang'ana themometa tsiku ndi tsiku?

Wina anandiuza kuti ingokawataya padziwe la kupaki akadzionere okha. Chonde abale musadzayerekeze. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kutulutsira kutchire nyama yomwe si yakuno, komanso pali nthenda ya fangasi yotchedwa Bsal yomwe asayansi anaizindikira mu 2013 itapululutsa ma salamander, achibale a ma newt, ku Netherlands, ndipo akuti inachokera ku Asia kudzera mmalonda a ziweto ngati zangazi. Newt wako atha kuoneka wathanzi koma atanyamula nthendayo nkukapatsira akunowa, kuphatikizapo great crested newt yemwe ndi wotetezedwa ndi lamulo. Ngakhale madzi amuthanki sindimakawakhuthulira kumunda.

Kugulitsa pa Facebook ndinakananso, angagule munthu wofuna kusangalatsa mwana sabata imodzi. Ndinafunsa kushopu komwe ndimagula chakudya chawo, anandilumikizitsa ndi bambo ena achikulire omwe aweta tinyama totere kwa zaka zambiri mchipinda chawo chapansi panthaka. Ndinapita kukaona ndi maso anga, themometa imawerenga 16, mathanki oyera, ndipo chomwe chinandikhazika mtima pansi nchoti iwowo ndi omwe anayamba kundifunsa kuti wachitatu uja anafa bwanji, nkunena kuti angawa ayamba akhala paokha kwa masabata angapo asanayandikire ena. Ndalama ndakana, ndiwapatsa ndi thanki yomwe, mwala wake, zomera zonse. Akubwera Loweruka mmawa kusanatenthe, ndipo anena kuti ndikabwerako kumudzi ndili omasuka kukawaona.