Webusaiti ndi yabwino, koma usiku wa Lachinayi uja sindinauiwale

Ndinapita ku kampani iyi yomanga mawebusaiti chifukwa cha phukusi lawo lotsika mtengo, la webusaiti ya masamba asanu, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinanena poyera kuti kwatsala masiku 12 kuti chionetsero cha zamalonda chiyambe komanso kuti ndalama zoonjezera ndilibe. Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu, timasoka zikwama ndi maepuloni. Bwana wa kampaniyo anaseka, nati: "Mayi, musadandaule, ife ntchito ngati imeneyi timamaliza pa sabata imodzi." Ndinapereka theka la ndalama pomwepo, ndipo m'mawa mwake ndinakasindikizitsa timapepala totsatsa malonda, tokhala ndi adiresi ya webusaitiyo ndi kachizindikiro ka QR, kamene munthu amaloza ndi kamera ya foni kuti webusaiti itseguke.

Za kamangidwe ndilibe dandaulo. Anagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, ndi maonekedwe okonzedwa kale, anandiuza mosabisa kuti pa ndalama zangazo sitolo yolipirira pa intaneti siingatheke, ndipo m'malo mwake anaika batani la WhatsApp pansi pa chikwama chilichonse. Zonsezi ndinkazionera pa adiresi yoyembekezera imene ananditumizira, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa kuti adiresi yeniyeni iyamba liti kugwira ntchito, bwanayo ankayankha kuti imeneyo ndi nkhani ya mphindi zisanu.

Lachinayi madzulo, chionetsero chili m'mawa mwake, tinali tikulongedza katundu m'makatoni pamene mmodzi wa osoka anga anatola kapepala kamodzi, naloza kamera ya foni yake pa kachizindikiro kaja. Anangoti duu, kenako anandipatsa foniyo osanena kanthu. M'malo mwa zikwama zathu, panali chenjezo la Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, lakuti "Your connection is not private", ndipo pansi pake panali mawu onena kuti mwina pali anthu amene akufuna kuba zinsinsi za wotsegulayo. Ndinayesa pa foni yanga, zomwezo. Ndinayesa pa kompyuta, ndipo kumeneko kunatuluka tsamba lopanda kanthu lokhala ndi dzina la domeni yanga, kutanthauza adiresi yeniyeni ija, pamwamba. Timapepala tonse tinali titasindikizidwa kale, tili m'katoni pambali panga, ndipo kalikonse kanali kukatumiza wogula ku tsamba lomuchenjeza kuti atithawe ngati akuba. Ndinaimbira bwanayo kanayi, foni ikungoitana. Uthenga wa pa WhatsApp anauwerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma yankho silinabwere mpaka nthawi itadutsa 9 koloko, pamene analemba kuti zikonzedwa ndikamaliza kulipira theka lotsala. Chimene chinandipweteka si ndalamazo, pakuti ndinali nditazisunga padera ndipo ndinazitumiza nthawi yomweyo. Chinandipweteka n'chakuti m'masiku 11 onse aja sananenepo ngakhale kamodzi kuti akugwira dala gawo lomaliza la ntchito podikira malipiro, ndipo pa pepala la mgwirizano wathu panalembedwa kuti ndidzalipira theka lotsalalo webusaiti ikayamba kugwira ntchito.

Amene anandiimbira pambuyo pake sanali bwanayo ayi, anali mnyamata amene anamanga webusaitiyo, ndipo ndi iye yekha amene anandifotokozera zoona. Anati domeni ili ngati dzina lolembedwa m'kaundula, ndipo dzinalo liyenera kulozedwa ku seva, kompyuta imene imasunga webusaiti. Iwo anali atangoyamba kuloza masana a tsiku lomwelo, n'kusiyira panjira, pamene kusintha kotereku kumatenga maola angapo kuti kufike paliponse, nthawi zina mpaka maola 48. N'chifukwa chake foni ndi kompyuta zinkaonetsa zinthu zosiyana. Chenjezo lija linabwera chifukwa panalibe satifiketi ya chitetezo, ija imene imachititsa kuti adiresi yoyamba ndi https itseguke bwinobwino. Satifiketi imeneyi, yochokera ku bungwe la Let's Encrypt, ndi yaulere, koma siiperekedwa mpaka zitatsimikizika kuti domeniyo ikulozadi ku sevayo. Mwachidule, ntchito imene bwana ankaitcha ya mphindi zisanu inali yokhayo pa ntchito yonse imene munthu sangaifulumizitse ndi manja ake.

Ndiyenera kunena chilungamo, pakuti mkwiyo umene ndinayamba nawo ndemangayi sukuyenera kugwera mnyamata ameneyu. Anakhala maso mpaka cha m'ma 1 koloko usiku, akuyesa ndi kundilembera mmene zinthu zikuyendera, ndipo satifiketi itatuluka ananditumizira chithunzi cha tsamba loyamba litatseguka. Pofika m'mawa webusaiti inkatseguka pa mafoni athu onse atatu. Ku chionetsero ndinaona ndi maso anga mayi wina akutsegula tsamba la zikwama pa foni yakale, netiweki ili yofooka, ndipo zithunzi zinatuluka asanatope kudikira. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake mnyamatayo anakana kuika zithunzi zanga mmene zinalili, n'kuzichepetsa kaye kukhala za WebP, mtundu wa zithunzi zosachedwa kutseguka, nkhani imene tinakangana nayo sabata yoyamba ine ndikuganiza kuti akuwononga maonekedwe a zithunzi. Iye ndiye anali wolondola. Mauthenga ofunsa mitengo anayamba kulowa pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndipo sabata yotsatira anandiphunzitsa kusintha ndekha mitengo ndi zithunzi, kusunga kope la webusaiti yonse ndisanasinthe kanthu, komanso anandionetsa kuti satifiketi ija ndi ya masiku 90 ndipo imadzikonzanso yokha. Zimenezi sizinali m'phukusi, ndipo sanandilipiritse.

Nkhani imene idakalipo ndi ya umwini. Pofuna kuona tsiku limene domeni idzafunika kulipiridwanso, popeza imalipiridwa chaka ndi chaka, ndinapeza kuti inalembetsedwa m'dzina la kampaniyo ndi imelo yawo, ngakhale kuti ndalama yake inachokera m'thumba mwanga ndipo dzinalo ndi la bizinesi yanga. Nditapempha kuti isamutsidwire kwa ine, bwanayo anati domeni yothera ndi .com siingasamutsidwe kupita ku kampani ina yolembetsa madomeni pasanathe masiku 60 chiilembetsereni. Ndafufuza ndipo lamulo limenelo lilipodi, koma silinawakakamize kulemba dzina lawo m'malo mwa langa poyambirira paja. Munthu amene anagwira webusaiti yanga usiku woti m'mawa mwake ndikagulitse katundu, lero wagwira dzina limene lili pa timapepala tanga tonse, pa malisiti ndiponso pa zikwama zimene.

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mnyamata uja. Amene akufuna kutenga phukusi lomweli auze bwanayo kuti domeni ilembetsedwe m'dzina lake iye mwini tsiku loyamba, ndiponso kuti ilozedwe ku seva kutatsala masiku osachepera atatu tsiku lofunikalo lisanafike, ngakhale pa tsambalo patangolembedwa dzina la bizinesi ndi nambala ya foni basi. Masiku 60 aja akutha Lolemba likubwerali, ndipo kalata yopempha kusamutsa domeniyo ndaitumiza kale.