Ndemanga: mmisiri amene anadzutsa Peugeot PX-10 yanga

Patha miyezi inayi chitengereni njinga yanga kwa mmisiri wokonza njinga zakale zampikisano, ndipo ndaipalasa mokwanira moti nditha kunena zomwe ndaona.

Njingayi ndi Peugeot PX-10 ya m'ma 1970: felemu yake ndi ya chitsulo cha Reynolds 531, magiya ndi a Simplex, mabuleki ndi a Mafac. Ndinaipeza itagona zaka zambiri osagudubuzika, tcheni litauma gwa, dzimbiri lili mawangamawanga pa foloko, chitsulo chonyamula chishalo chitakanirira mkati. Ine ndinapita ndi ganizo limodzi, loti apale penti yense n'kupaka watsopano.

Bambowa anakana. Anatenga kansanza ndi mankhwala opukutira, n'kutikita kachigawo kakang'ono ngati chikhatho, ndipo pansi pa litsiro lachikasu panatuluka penti woyera wa ku fakitale, ali bwinobwino. Anandifotokozera kuti penti ameneyu ukangomupala sabwereranso, ndipo osonkhanitsa njinga zakale amalemekeza kwambiri felemu ya zipsera zake kusiyana ndi yopakidwanso. Ndinanyinyirika tsiku limenelo, koma lero ndikuwathokoza. Kuyera kumeneku ndi mtundu wa timu ya Peugeot, imene Eddy Merckx ankapalasira pomwe anapambana Milan-San Remo mu 1966, komanso Roger Pingeon m'chaka cha 1967, chimene anatenga Tour de France. Ndikanafafaniza zonsezi ndi penti wa lero.

Pomwe ndinaonera kuti munthuyu ntchito amaidziwa ndi pa mazinga. Njinga zakale za ku France zili ndi miyeso yakeyake, ndipo ambiri amaziwononga chifukwa chosadziwa. Pa bottom bracket (pansi pa felemu, pomwe pamazungulira chitsulo cholumikiza mapedulo awiri) ya Chifalansa mazinga ake ndi 35 x 1 mm ndipo mbali zonse ziwiri zimamasukira kumanzere, pomwe pa ya Chingerezi mbali ya tcheni imamasukira kumanja. Wina akabwera ndi chizolowezi cha Chingerezi amangolimbitsa, akuganiza kuti akumasula. Chimodzimodzi zitsulo zomangapo mapedulo za Stronglight: zakalezi zimafuna chozulira cha 23.35 mm, osati cha 22 mm chomwe chili paliponse. Mmisiriyu anatsegula kabokosi n'kutulutsa chozulira choyenera, anachilowetsa ndi zala zokha mpaka pansi asanagwire sipanala. Pamenepo mtima wanga unakhala m'malo.

Chitsulo cha chishalo chija chinawadyera masiku. Aluminiyamu akakhala nthawi yaitali mkati mwa chitsulo popanda girizi, ziwirizi zimadyana n'kugwirana ngati chinthu chimodzi. Iwo sanamenye ndi hamala. Ankathira mafuta olowerera, n'kudikira, n'kupotokola pang'ono, mawa lake chimodzimodzi, mpaka chinagonja felemu isanapindike kapena kung'aluka pakamwa. Mahabu anawatsegula, anaika timipira tatsopano ndi girizi, masipoko ataliitali anawakunga mpaka malimu anasiya kugwedera. Zosinthira magiya anazisiya pa felemu pomwe zinali, waya wa mabuleki akutulukira pamwamba pa mahandulo monga kale, momwe amafunira ku L'Eroica, mwambo wopalasa njinga zakale wa ku Gaiole in Chianti ku Italy, kumene amalandira njinga za 1987 kapena m'mbuyo mwake.

Zondikhumudwitsa zilipo, ndipo sindibisa. Anandilonjeza masabata atatu, njinga inatuluka pa sabata lachisanu ndi chiwiri. Kuchedwako ndikanakumvetsa, poti zipangizo za Chifalansa sizipezeka msanga, koma mauthenga anga ankakhala masiku osayankhidwa, ine n'kumada nkhawa kuti mwina china chathyoka ndipo akuopa kundiuza. Mawu awiri okha akanandikwanira. Nsalu yokulunga mahandulo nayo inayamba kumasuka mbali ya kumanzere patangotha sabata imodzi. Nditabwerera nayo anaikulunganso pomwepo, osatsutsa.

Pamsewu ndiye ikukoma zedi. Felemu ya 531 imameza mabampu ang'onoang'ono m'malo mokutumizira m'manja, ndipo ukaimirira pokwera mtunda siilira paliponse. Magiya asanu akumbuyo amafuna dzanja lophunzira: umakankha kachitsulo, n'kumvetsera tcheni, n'kubweza pang'ono mpaka phokoso lithe. Mabuleki a Mafac anawaika mphira zatsopano n'kuzipendeketsa pang'ono kutsogolo, moti kulira kwake kwachepa ndipo akugwira ngakhale potsetsereka.

Ngati muli ndi njinga yakale ya ku France ndipo mukufuna ikhalebe momwe inatulukira, mmisiriyu ndi woti mumupatse ntchito. Mugwirizane tsiku lenileni lotengera, ndipo mupemphe kuti azikudziwitsani sabata iliyonse. Ine ndili ndi felemu ina ya Gitane yomwe foloko yake inapindika, ndipo mwezi wamawa ndikuitengera komweko.