Hiace yanga itatha chaka: kunjenjemera kwa pa M1 ndi ndalama zimene kwandidyera

Alamu anga akufuna kugula minibasi kwa bambo yemwe anandigulitsa yangayi, ndipo andifunsa ngati ndi munthu wodalirika. Yankho lake silokwana pafoni, ndiye ndalilemba pano.

Galimotoyi ndi Toyota Hiace yakale, yaitali ija, ya injini ya dizilo yotchedwa 5L. Ndimanyamulira katundu wa m'shopu pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Injini ndilibe nayo mawu: imalira kamodzi ngakhale m'mawa wa June ku Dedza, ndipo siidya oilo. Magiya amalowa bwino. Masipeya amapezeka ku Biwi ndi ku Limbe komwe.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi kunjenjemera. M'tauni simungadziwe n'komwe. Koma mukangodutsa liwiro la makilomita 80 pa ola pa M1, pansi pa mpando pamayamba kulirima ngati chigayo chili chapatali, galasi loonera kumbuyo n'kuchita chimbuuzi. Pofika 90 mapazi achita dzanzi. Chiwongolero chokha chinali phee.

Makaniko woyamba anati ndi matayala. Tinachita balansi, kenako alaimenti, osasintha. Tinapezadi tayala limodzi lakumbuyo litatupa, mawaya a m'kati atalekana chifukwa cha maenje, ndipo ndinagula awiri atsopano pa mitengo yowawa ija imene takhala nayo chigwereni kwacha mu November 2023. Kugwedezeka kwina kwa poyenda pang'onopang'ono kunatha, koma kulirima kuja kunatsala. Nthawi imeneyo ndinali wokonzeka kuigulitsa motchipa, bola ichoke pakhomo.

Anandithandiza ndi madala ena a garaja ya ku Ndirande. Iwo sanagwire sipanala poyamba, anangoti tiyeni tikwere, tilowere cha ku Lirangwe. Itayamba kunjenjemera anati ndiike pa neutral. Injini inatsika, kunjenjemera osachoka. "Ndiye si injini, si mamaunting'i," anatero. "Chiwongolero chili bata, ndiye si matayala akutsogolo. Ndipo tamvani kufulumira kwake. Tayala limagwedeza, ichi chikulirima." Anandifotokozera kuti propshaft, shafti yaitali ya kunsi imene imapereka mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, imazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi, chifukwa cha difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo), choncho vuto lake limamveka lothina, pansi pa mpando.

Titalowa kunsi, zonse zinali poyera. Labala ya centre bearing, chogwirizira shafti pakati, inali itang'ambika, moti shafti ankaikankha ndi dzanja n'kumasewera. Cross yakumbuyo, mfundo yooneka ngati mtanda yolumikiza shafti ndi difu, inali youma, ikutulutsa fumbi lofiira la dzimbiri m'mbali mwa makapu. Chachitatu ndicho chinandipweteka mtima: wina anamasulapo shaftiyo n'kubwezera zigawo zake ziwiri mosalunjika, osaika chizindikiro, kenako n'kupopera penti yakuda pa labala yong'ambikayo kuti izioneka yatsopano. Madalawo anasintha centre bearing ndi cross, n'kulunjikitsa shafti. Zonsezo sizinafike mtengo wa matayala aja. Ulendo wotsatira ndinafika ku Ntcheu ndikumva wailesi bwinobwino, ndipo ndinayambanso kuikonda galimoto yanga.

Wogulitsa uja tsiku loyesa anaumirira kuti tizungulire m'tauni mokha, ati mafuta ndi ochepa. Nditamuimbira miyezi yoyamba anati minibasi zonse zimatero. Nditamutumizira zithunzi za penti ija anayankha kuti ndinaiyesa ndekha ndisanalipire, ndipo chiyambire pamenepo foni yanga sayankha. Sindinapemphe zambiri, ndinkangofuna tigawane mtengo wa masipeya.

Kwa inu alamu: Hiace gulani, ndi galimoto yolimba ndipo yanga yayamba kubweza ndalama zake. Koma kwa bambo ameneyo musapereke ngakhale dipoziti musanathire mafuta anuanu n'kuithamangitsa mpaka ku Nathenje, makaniko wanu ali pampando wakumbuyo, kenako alowe kunsi agwedeze shafti. Akakana zimenezo, kagulani kwina. Akavomera, chilichonse chimene mungapeze chichotsedwe pa mtengo tsiku lomwelo, chifukwa mukangolipira simudzamuonanso.