Matumba a stoma patatha pafupifupi chaka: zimene ndikugulabe ndi zimene ndinasiya

Stoma ndi mapeto a matumbo amene madokotala amawatulutsira pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo n'kugwera m'thumba lomatidwa pakhungu. Thumba la stoma limene linkagwira bwino mwezi woyamba munthu atachitidwa opaleshoni likhoza kuyamba kudontha mwezi wachisanu popanda opanga ake kusintha kanthu, chifukwa chimene chimasintha ndi mimba ya mwini wake. Ndakhala ndi colostomy, stoma yochokera m'matumbo aakulu, pafupifupi chaka kuno ku Johannesburg, ndipo ndagwiritsa ntchito mitundu iwiri ikuluikulu ya matumba, lachidutswa chimodzi ndi lazidutswa ziwiri, pamodzi ndi tizipangizo togulitsidwa pambali. Ndikulembera makamaka abale athu a ku Malawi amene zawagwera ali kuno ku Joni, popeza malangizo ambiri amene timapatsidwa amaganizira munthu wokhala ndi bafa lakelake ndi galimoto yakeyake, pamene ambiri a ife timakhala m'nyumba za lendi zogawana chimbudzi ndipo timapita kuntchito pa takisi.

Ine ndinadwala matenda opotana matumbo, amene madokotala amawatcha sigmoid volvulus, ndipo ndi ofala pakati pa amuna kwathu ku Malawi. Chigawo chakumapeto cha matumbo aakulu chinapotana mpaka kufa, choncho anachidula, mbali yakumtunda n'kuitulutsira pamimba kumanzere, pamene mbali yakumunsi anaisoka mkati. Opaleshoni imeneyi imadziwika ndi dzina la Henri Hartmann, dokotala wa ku France amene anaifotokoza m'chaka cha 1921. Ndatchula izi kuti wowerenga adziwe kuti chimbudzi changa chimatuluka cholimbirako ndiponso pa nthawi zodziwika. Amene ali ndi ileostomy, imene imachokera m'matumbo aang'ono ndipo kawirikawiri imakhala kumanja, amatulutsa zamadzimadzi tsiku lonse, zimene zimawotcha khungu msanga ndi kuchotsa madzi ndi mchere wambiri m'thupi, kotero zina zimene ndinene pano sizingawakwanire.

Thumba lachidutswa chimodzi ndi limene ndinatuluka nalo m'chipatala. Chigamba chomata pakhungu ndi thumba lenilenilo n'zolumikizana, pakati pa chigambacho mumaboola nokha ndi sizasi, ndipo kumunsi kuli potsegula pokhuthulira. Ubwino wake sindikuutsutsa ngakhale lero: ndi lopyapyala, silionekera mkati mwa malaya, limapindika pamodzi ndi thupi, ndipo munthu wofooka ndi opaleshoni amaliphunzira msanga. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi iliyonse imene mukufuna thumba latsopano muyenera kumatula chigamba chonse pakhungu, ndipo khungu lomatulidwamatulidwa limafiira ndi kusupuka.

Nkhani ya bowo ndi imene imavutitsa anthu ambiri m'miyezi iwiri yoyamba. Stoma imakhala yotupa pambuyo pa opaleshoni, ndipo kutupako kumaphwa pang'onopang'ono kwa masabata 6 mpaka 8. Yanga inachoka pa mamilimita pafupifupi 40 kufika pa 30. Munthu akapitiriza kudula bowo potengera muyeso umene anamuyezera anamwino kuwodi, pamatsala kampata ka khungu losaphimbidwa kuzungulira stoma, ndipo chimbudzi chikakhala pakampata kameneko khungu limayamba kuyabwa, kenako kuwawa, kenako kutuluka timadzi, ndipo pakhungu lonyowa chigamba sichigwira. Bowo liyenera kukulirapo kuposa stoma ndi mamilimita 2 kapena 3 basi. Kakatoni koyezera kamene kamabwera m'bokosi la matumba n'kaulere, koma ndimakaona kofunika kuposa zambiri zimene ndinagula ndi ndalama, ndipo mpaka lero ndimayezabe kamodzi pamwezi.

Aliyense amene anamatapo chubu cha njinga akudziwa kuti chigamba chimagwira pamalo oyera ndi ouma pokha, ndipo pamimba n'chimodzimodzi. Ndimatsuka ndi madzi ofunda okha, n'kupukuta mogunditsa kansalu mpaka paume ndithu. Ife tinazolowera kudzola mafuta thupi lonse tikasamba, makamaka m'nyengo yozizira ya kuno imene imang'amba khungu, koma kuzungulira stoma mafuta asafikeko, ngakhalenso sopo wa mafuta kapena timapepala tonyowa topukutira makanda. Stoma yeniyeniyo ndi yofiira, yonyowa, ndipo simva ululu, choncho ikatuluka kamagazi pang'ono popukuta si chinthu choopsa. Ubweya wozungulira ndimaumeta mosamala kamodzi pasabata, chifukwa ukamazuka pomatula pamabuka timatuza.

Pauda wa stoma ndinagula botolo limodzi ndipo likadalipo. Amathandiza pamene khungu lasupuka ndipo likutuluka timadzi, ndipo amafuna kuwaza pang'ono n'kukuntha wotsalayo, koma pakhungu labwino amangolepheretsa chigamba kugwira. Mankhwala opopera omatulira chigamba ndi abwino khungu likamawawa, kungoti ndi odula, ndipo khungu litachira ndinaona kuti kansalu konyowa ndi madzi ofunda kamagwira ntchito yomweyo ngati mukukankhira khungu mkati pang'onopang'ono m'malo mokoka chigamba. Ndinasiya kuwagula. Kumva kuyabwa pansi pa chigamba kawirikawiri kumatanthauza kuti chimbudzi chadutsa kale, ndipo kuwonjezera tepi m'mphepete n'kungotsekera zowotchazo pakhungu. Chofunika n'kusintha nthawi yomweyo, ngakhale chigambacho mwangochimata dzulo ndipo mukuwerengera ndalama.

Thupi litabwerera, ndipo ndinanenepa kuposa kale chifukwa chokhala miyezi osagwira ntchito yolemetsa, pamimba panabwera khwinya limene limadutsa m'mbali mwa stoma kulowera kumchombo. Ndikaima palibe vuto, koma ndikakhala mu takisi nditapanikizika mawondo, khwinyalo linkapanga kangalande pansi pa chigamba, ndipo kudontha kunkachitikira mbali imodzimodziyo nthawi zonse. Anamwino oona za stoma anandiyang'ana nditaima, nditakhala ndiponso nditawerama, ndipo anandiuza kuti ndiyambe ndi mphete yofewa imene imaikidwa kuzungulira stoma chigamba chisanamatidwe. Mphete imeneyi imaumbika ndi zala, imadzaza kangalande kaja, ndipo ikanyowa imafufuma n'kukumbatira stoma. Pa zinthu zonse zimene ndawonongera ndalama chaka chino, iyi yokha ndingaigule ngakhale mwezi utandithina chotani, chifukwa inatalikitsa masiku a chigamba ndipo matumba otayidwa nthawi isanakwane anachepa. Nthawi zina ndimaidula pakati n'kuika theka pambali ya khwinya pokha, ndipo bokosi limakhalitsa.

Pali zigamba zina zotukuka kumbuyo zimene zimadinikiza khungu kuti stoma yolowa mkati ituluke bwino. Ndinayesa chimodzi chimene anamwino anandipatsa, koma stoma yanga imatulukira mokwanira ndipo sichinali chofunika. Zimenezi musagule nokha mwamva kwa mnzanu, popeza kudinikizako kungavulaze khungu, makamaka kwa munthu amene ali ndi hernia, kutupa kobwera matumbo akakankhira pamalo ofooka a minofu ya mimba.

Lazidutswa ziwiri ndi limene ndikugwiritsa ntchito masiku antchito. Chigamba chimakhala pamimba masiku atatu kapena anayi, ndipo thumba limalumikizidwa pamkombero wapulasitiki n'kuchotsedwa palokha, choncho khungu limapuma. Chinanso chimene ndimalikondera n'chakuti thumba likadzaza mpweya mukhoza kulowa m'chimbudzi, kutsegula pang'ono pamwamba pa mkombero, kutulutsa mpweyawo ndi kutsekanso. Koma ndi lokhuthala, limaonekera pa malaya othina, limadula kuposa linzake, ndipo m'masabata oyamba kudinikiza mkombero pamimba yabala kumapweteka. Makampani odziwika amene katundu wawo amapezeka kuno ndi monga Coloplast, ConvaTec ndi Hollister, ndipo thumba la kampani imodzi sililowa pachigamba cha kampani ina, ngakhalenso la kampani yomweyo ngati mikombero ikusiyana kukula, kotero pogula tengani nambala yolembedwa pabokosi. Thumba lomata lotaya likatha ntchito linayamba ndi namwino wa ku Denmark, Elise Sørensen, amene analiganizira m'chaka cha 1954 chifukwa mng'ono wake wochitidwa opaleshoni ankaopa kutuluka m'nyumba. Mantha amenewo ndikuwadziwa, ndipo kwa ine anatha mphete ija itathetsa kudontha.

Nyengo ya Johannesburg imalowerera nawo pankhaniyi. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale thukuta limafewetsa chigamba, ndipo chimene chimatha masiku anayi mu Meyi chimatha atatu mu Disembala. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka, chifukwa chigamba chozizira chimauma gwa ndipo sichigwira msanga, choncho ndimachiika m'khwapa pamene ndikutsuka, ndipo ndikamata ndimagwirapo ndi chikhatho mphindi imodzi kapena ziwiri kuti kutentha kwa dzanja kuchifewetse. Sefa ya makala imene ili pamwamba pa thumba imatulutsa mpweya popanda fungo, koma ikanyowa imatsekeka, ndipo m'bandakucha thumba limapezeka litafufuma. Posamba ndimamatapo kapepala kamene kamabwera m'bokosi. Nthawi zina sefayo imagwira ntchito mopitirira, thumba n'kuphwa kotheratu, chimbudzi n'kumaunjikana pamwamba osatsika mpaka kukankha chigamba. Zikatero ndimatseka sefa, ndimauzira kampweya m'thumba latsopano ndisanalilumikize, ndiponso ndimamwa madzi ambiri kuti chimbudzi chifewe.

Pa zakudya sindinasiye zambiri. Nsima, mpunga ndi nthochi zimalimbitsa chimbudzi ndipo sizinandivutepo. Nyemba, kabichi, anyezi ndi zakumwa za gasi zimadzaza mpweya, pamene mazira ndi usipa zimawonjezera fungo pokhuthula, choncho ndimangozisankhira tsiku, osati usiku woti mawa lake ndili m'sitolo ndi makasitomala. Chimanga chokazinga, mtedza ndi mango a ulusi zimafuna kutafuna mpaka zisalale, ndipo a ileostomy azisamale nazo kwambiri chifukwa zimatha kutseka njira.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Fordsburg, kumene kunyamula mipukutu ndi gawo la ntchito. Pamene stoma yatulukira pali bowo m'minofu ya mimba, ndipo kunyamula zolemera kapena kutsokomola kwambiri kumatha kukankhira matumbo pamenepo n'kupanga hernia, vuto limene limagwira anthu ambiri a stoma. Adokotala anandiletsa kunyamula kwa miyezi itatu, ndipo nditabwerera abwana anandisamutsira kodula nsalu. Lamba wamkulu wogwira mimba ndimamuvala tsiku lililonse kuntchito, ndipo ndimamumanga nditagona chagada. Amatentha m'chilimwe ndipo amatamuka pakapita miyezi, koma ndimumvabe kuti akundigwira ndikawerama. Kalamba kakang'ono kokoleka m'mbali mwa thumba ndinakasiya, popeza kankakwera m'mwamba ndikamayenda n'kumakoka thumba.

M'nyumba yogawana chimbudzi, nthawi ndi chilichonse. Ndimasintha chigamba m'mamawa ndisanadye, pamene matumbo ali phee ndiponso anzanga asanadzuke, ndipo ndimadula bowo ndili m'chipinda kuti ndisachedwetse ena. Thumba ndimalikhuthula likafika gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa likalemera limakoka chigamba, ndipo ndimayamba ndaponya mapepala m'chimbudzi kuti madzi asathovukire. Thumba lakutha silitayidwa m'chimbudzi. Ndimalikulunga m'nyuzipepala, n'kulimanga m'jumbo, n'kukaliponya m'bini ya panja. Madzi akasiya kutuluka m'mipope, zimene zimachitika kuno, botolo la malita awiri limene ndimasunga pansi pa bedi ndi limene limandipulumutsa. Kuchipatala anandifotokozeranso za njira yotsuka matumbo ndi madzi kudzera pa stoma, imene imatheka kwa ena a colostomy adokotala akavomereza, koma imafuna kukhala m'chimbudzi pafupifupi ola, ndipo kwathu kuno zimenezo zingautse mkangano.

Matumba amene ndimalandira kuchipatala cha boma amandithandiza kwambiri, koma miyezi ina amaperewera kapena amabwera a mtundu wina, ndiye chifukwa chake ndimasunga onse awiri ndipo sindinaiwale kamatidwe ka lachidutswa chimodzi. Mafamase akuluakulu amaitanitsa mukawapatsa nambala, kungoti pamapita masiku. Bungwe la CANSA, loona za khansa kuno ku South Africa, limathandiza anthu a stoma, ndipo palinso South African Society of Stomates la anthu amene ali nayo eni ake. Popita kumudzi pa basi kuchokera ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, ndinanyamula matumba owirikiza kawiri kuposa ofunika, chifukwa kwathu ku Ntcheu kulibe kogula, ndipo ndinawaika m'chikwama cha m'manja osati m'katundu wa pansi pa basi kumene kutentha kungasungunule zomatira. Kachikwama kena kokhala ndi chigamba chodulidwa kale, thumba, jumbo, kansalu ndi malaya osinthira sikachoka pathupi panga, kaya ndi ulendo wa kumudzi kapena wa ku tchalitchi.

Chinthu chimodzi chimene chimadzidzimutsa ambiri ochitidwa opaleshoni ya Hartmann n'chakuti nthawi zina munthu amamva ngati akufuna kupita kuchimbudzi mwa njira yakale, ndipo kumatuluka zonanda zoyererako. Chigawo chotsala cha matumbo chimapangabe zonandazo, ndipo kukhala pachimbudzi osadzikakamiza n'kokwanira. Zofunika kuthamangira kuchipatala ndi zina: stoma ikada kapena kuoneka yotuwa, magazi akamachokera mkati osaleka, kapena pakapanda kutuluka kanthu pamene mimba ikupotokola, ikutupa ndipo mukusanza.

Adokotala akuti matumbo anga akhoza kulumikizidwanso, koma ayenera kuyamba aunika chigawo chakumunsicho, ndipo ndili pamndandanda wodikira. Pachifukwa chimenechi sindigula katundu wa miyezi yambiri nthawi imodzi, ndiponso sindigula zigamba zodulidwa kale kufakitale, ngakhale zimafulumizitsa ntchito, popeza muyeso wa stoma yanga unasunthanso pang'ono nditanenepa ndipo bokosi lonse likanangotayika.